Kuchokera ku Mfuwe mpaka ku Bwindi: mmene timayendetsera alendo okaona nyama

Ntchito yathu ndi yonyamula alendo kukaona nyama zakutchire. Eni ake ndife awiri, ine ndi mayi akunyumba. Iwo amasunga mabuku, amayankha mauthenga a pa WhatsApp ndi kulimbana ndi a kubanki, ine ndimakhala pa chiwongolero. Tili ndi kachipinda ka ofesi ku Lilongwe, koma chuma chathu chenicheni ndi Land Cruiser yotsegula denga imene tidaigula itayendapo kale. Ndalama zake zidachokera ku zomwe ndinkasunga ndili dalaivala pa loji ina ya kunyanja, zotsala mayiwa adakongola ku banki mkhonde.

Tidayambira ku nkhalango ya nyama ya South Luangwa ku Zambia, ndipo mpaka lero ndi kumene kumatidyetsa. Ambiri sadziwa kuti munthu wa ku Lilongwe amafika ku Mfuwe, pa chipata cha nkhalangoyi, msanga kuposa wa ku Lusaka. Mukanyamuka m'mawa, n'kudindiritsa mapasipoti pa Mchinji, n'kumwa tiyi ku Chipata, dzuwa lisanalowe mwaona kale mvuu pansi pa mlatho wa Luangwa. Chinyanja chimamveka njira yonse, moti pa lodibuloko sitisowa chonena. Tikafika, alendo timawasiya m'manja mwa otsogolera a komweko, anthu amene adalemba mayeso a nkhalangoyo ndipo amadziwa kuti nyalugwe wakuti amagona mu mtengo uti. Kuyenda usiku ndi nyali, kapena kuyenda wapansi motsogozedwa ndi mlonda wa mfuti, monga adayambitsira katswiri wosamalira nyama Norman Carr m'chigwachi, ndi ntchito yawo. Yathu ndi kufikitsa munthu pa nthawi yake, atakhuta, mapepala ali m'malo.

Kwathu kuno timadalira Liwonde. Zaka zapitazo ndinkachita manyazi kulonjeza mlendo zambiri kuposa njovu, mvuu ndi ng'ona za mu Shire. Bungwe losamalira nkhalango za nyama la African Parks litayamba kuyendetsa nkhalangoyi mu 2015 zinthu zidasintha: akakwiyo adabwera mu 2017, mikango mu 2018, mimbulu mu 2021. Tsopano ndimalankhula mutu uli m'mwamba.

Za magorila zidabwera ndi alendo eni ake. Munthu wochokera ku Germany kapena ku Britain walipira ndege yodula, ndiye amafuna paulendo umodzi womwewo aone mkango pa dambo ndi gorila m'phiri. Ankafunsa, ife n'kumawauza kuti kuno kulibe, iwo n'kupita kwa ena. Magorila a m'mapiri amapezeka malo awiri okha padziko lonse: m'mapiri a Virunga, pamene pakumana Rwanda, Uganda ndi Congo, ndi m'nkhalango ya Bwindi ku Uganda. Kalembera wa mu 2018 atatha, chiwerengero chawo chonse chidali 1,063, ndipo 459 mwa amenewa adali ku Bwindi ndi nkhalango yoyandikana nayo ya Sarambwe. Nyama yochepa choncho sangaisiye kuti aliyense azingoiona mmene wafunira, ndipo apa ndi pamene pagona bizinesi yonse.

Banja limodzi la magorila limaonedwa ndi alendo asanu ndi atatu okha pa tsiku, kwa ola limodzi. Aliyense amafunika chilolezo cholembedwa dzina lake, nambala ya pasipoti ndi tsiku lake. Ku Rwanda chilolezochi ndi madola 1,500 kuyambira mu 2017. Ku Uganda ndi madola 800 kwa mlendo wakunja kuyambira mu July 2024, n'chifukwa chake ife tidasankha Bwindi. Ulendo wonse timaumanga mozungulira kapepala kameneka. Tsiku la chilolezo likadziwika, m'pamene timayang'ana ndege, malo ogona ndi masiku a ku Luangwa. Ngakhale malo ogona amatsatira chilolezo, chifukwa Bwindi ili ndi zipata zinayi, Buhoma, Ruhija, Rushaga ndi Nkuringo, ndipo munthu wa chilolezo cha ku Rushaga mukamugoneka ku Buhoma mwamupatsa maola ambiri a msewu wa m'mapiri kusanache.

Galimoto yathu sipita kumeneko. Tili ndi mnzathu wa ku Kisoro, wakhala pa ntchitoyi kuposa ine, amene amagula zilolezo ku bungwe la boma loyang'anira nyama zakutchire la Uganda Wildlife Authority ndi kulandira alendo athu. Timakonda kuwatsitsira ku Kigali n'kulowa Uganda pa chipata cha Cyanika, chifukwa ndi theka la tsiku basi, pamene kuchokera ku Entebbe munthu amatha tsiku lathunthu ali m'galimoto. Iyenso akakhala ndi alendo ofuna Luangwa, Liwonde kapena kukapuma ku Cape Maclear amatitumizira. Gulu likakhala lalikulu ndimaperekeza ndekha.

Tsiku lokwera limayamba ndi msonkhano pa chipata m'mawa. Nthawi imeneyo otsata mapazi amakhala atalowa kale m'nkhalango, kupita pomwe banjalo lidagona dzulo, chifukwa gorila amayala pogona patsopano madzulo aliwonse, ndipo iwo amayambira pa zisa zimenezo kulondola. Mlendo amapatsidwa ndodo. Ndimawauza onse kuti masokosi avale pamwamba pa thalauza kuopa linthumbu, ndipo m'manja avale magolovesi a kudimba, poti pokwera umagwira chilichonse chomwe dzanja lapeza, ndipo zambiri ndi zaminga kapena zoyabwa. Ulendo ungakhale wa ola limodzi, ungakhalenso wa kutha tsiku. Mukayandikira, zikwama, chakudya ndi ndodo zimatsala kumbuyo, aliyense amavala chophimba pakamwa ndi pamphuno. Chimene chimayamba kumveka ndi kuthyoka kwa timitengo. Kenako mumaona mphongo yaikulu ya msana wotuwa itakhala pansi, ikusenda phesi ndi zala mosafulumira, ana akugubuduzana pambali pake. Mlonda amang'ung'udza kukhosi motsanzira mmene magorilawo amachitira akakhala pamtendere. Lamulo limati mukhale patali mamita angapo, koma ana a gorila lamulolo saliwerenga, ndiye ndinu amene mumabwerera m'mbuyo.

Pa nkhani ya onyamula katundu sindinyengerera. Alendo ena, makamaka achinyamata, amati chikwama n'chopepuka, anyamula okha. Ndimawauza kuti alembebe munthu. Anthu amenewa ndi a m'midzi yozungulira nkhalango, minda yawo imathera pa mzere weniweni wa mitengo, ndipo nyama zikatuluka zimadya mbewu zawo. Abatwa, amene ankakhala m'nkhalangomo, adatulutsidwa pomwe boma lidaisandutsa malo otetezedwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990. Ngati ndalama ya mlendo ingodutsa pamwamba pa anthu amenewa, sindiona chifukwa choti iwo azisamala gorila. Ndipo pa matope a ku Nkuringo dzanja lokukoka limafunika, kaya uli ndi zaka 25 kaya 70.

Mayi ena achikulire a ku Blantyre, opuma pa ntchito ya uphunzitsi, adapita nafe atasonkheredwa ndi ana awo. Pa chipata adaona mipando yonyamulira anthu ofooka ndipo adandikoka malaya.

"Mwanawe, usayerekeze kundikweza pa machira amenewo. Ine ndidakulira ku Mulanje."

"Ayi Mayi, palibe akukwezeni. Koma chikwamacho mupatseni mtsikanayu."

Adamupatsa, ndipo adafika pa magorila ali patsogolo pa anyamata a ku Ulaya. Amalawi otere akuchuluka pang'onopang'ono, ndipo chimawathandiza n'chakuti ku Uganda nzika ya dziko lina la mu Africa imalipira madola 500. Ana osakwana zaka 15 saloledwa, khadi ya katemera wa yellow fever imafunika, ndipo wodwala chimfine sakwera, chifukwa matenda athu amagwiranso magorila. Izi timazilemba pa pepala munthu asanalipire kanthu, kuti mawa tisakangane.

Chotisowetsa tulo ndi madola. Chilolezo chimalipiridwa miyezi ingapo ulendo usanafike, makamaka cha June mpaka September, ndipo sichidikira kuti banki ikupezereni ndalama zakunja. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023 tinali ndi alendo a kuno amene adali atalipira kale m'makwacha pa mtengo wakale. Sitidawaonjezere. Phindu la nyengo imeneyo lidapita lonse, ndipo matayala atsopano a galimoto adadikira chaka china. Kuyambira pamenepo mtengo wa ulendo wa ku Uganda timaulemba m'madola, ndipo alendo akunja ndalama ya chilolezo amatumiza mwachindunji kwa mnzathu wa ku Kisoro. Mu 2020, malire atatsekedwa chifukwa cha Covid-19, Land Cruiser yomweyo inkanyamula matumba a chimanga ndi anthu a ukwati. Ngongole siidziwa mliri.

Amene ali ndi masiku owonjezera timawalangiza kuti akachoka ku Bwindi atsikire ku Ishasha, kumwera kwa Queen Elizabeth National Park, kumene mikango imakwera m'mikuyu masana, kenako akakwere boti pa ngalande ya Kazinga. Komabe mlendo akandifunsa komwe angaonere bwino nyalugwe, ndimamubweza ku Luangwa, ndipo ndimamuuza abwere pakati pa August ndi October, madzi ataphwa m'madambo nyama zonse zitasonkhana ku mtsinje. Chaka chino tikusunga ndalama ya galimoto yachiwiri, kuti gulu lina likakhala ku Mfuwe lina lizitha kupita ku Liwonde tsiku lomwelo. Mwana wa achemwali anga, amene wakhala akutithandiza kukweza katundu ndi kuphika pa msasa, ndi amene adzaiyendetse akangotenga laisensi yonyamulira anthu.