Mbiri ya Moyo Wanga, Gawo 9: Kompyuta ya Ndalama za Chipereganyu

M'gawo lapitali ndinakusiyani nditayamba ntchito pashopu yosindikiza makadi aukwati ndi zikwangwani ku Limbe. Malipiro anali ochepa ndithu, koma ankabwera mwezi ndi mwezi, ndipo kumapeto kwa 2022 ndinaona kuti nthawi yakwana yoti ndikhale ndi kompyuta yangayanga, yoseweretsa magemu usiku komanso yogwirira maganyu a zojambula Loweruka ndi Lamlungu. N'chifukwa chake za PlayStation sindinaziganizire n'komwe. PlayStation sungapangire khadi laukwati.

M'mashopu a ku Limbe munali makompyuta ambiri akaunjika ochokera m'maofesi a kunja, otchipa komanso olimba. Vuto lawo ndi loti ambiri ndi opyapyala, graphics card (khadi lotulutsa zithunzi pa sikirini) yaikulu silowamo, ndipo power supply yake (chida chogawira magetsi ku zida zonse) ndi yaing'ono, yokhala ndi mapulagi akeake oti sungasinthe ndi ina iliyonse. Ukagula, wathera pomwepo. Ine ndinkafuna chinthu chomanga pang'onopang'ono monga timamangira nyumba kuno, chaka chino njerwa, chaka chamawa malata, uku ukugona kale m'chipinda chimodzi chimene chatha.

Kuntchito tinali ndi chipereganyu. Ndalama yochuluka ndinkaigwira pokhapokha nthawi yanga yolandira ikafika, ndiye funso lalikulu silinali loti chida chabwino kwambiri ndi chiti ayi. Funso linali loti ndiyambe ndi ziti kuti makinawo ayake ndi kugwira ntchito ndalama yachiwiri isanabwere.

Nkhani inayambira pa purosesa, ubongo wa kompyuta. Mu Seputembala 2022 a kampani ya AMD anali atangotulutsa soketi (malo okhazikapo purosesa) yatsopano ya AM5, imene imafuna RAM (memory imene kompyuta imagwirira ntchito ikayaka) ya DDR5, ndipo mtengo wake unali wosayandikirika. Soketi yakale ya AM4, yomwe inayamba mu 2016, zida zake zinali mbwee ndipo mitengo inali kutsika. Pamenepo panali mapurosesa awiri ofanana mayina: Ryzen 5 5600 ndi Ryzen 5 5600G. Onse ali ndi ma core 6, tizigawo togwira ntchito m'kati mwa purosesa. Woyambayo ndi wothamangirapo pa magemu chifukwa cache yake (kamemory kothamanga ka m'kati mwa purosesa) ndi 32MB pomwe mnzakeyo ndi 16MB, koma alibe gawo lotulutsa zithunzi. Popanda graphics card, sikirini imangokhala bii. Wa G uja ali ndi graphics mkati mwake momwemo. Anzanga odziwa za makompyuta anandiuza kuti nditenge 5600, ndipo ankanena zoona kwa munthu amene ali ndi ndalama zonse m'thumba tsiku limodzi. Ine ndinalibe. Ndinasankha 5600G, ndipo mpaka lero munthu wopeza ngati ine akandifunsa ndimamuuza zomwezo.

Zidazo ankandigulira achimwene anga aakulu amene amagwira ntchito ku Johannesburg. Iwo za makompyuta sizinkawakhudza, choncho chilichonse ndinkawalembera pa WhatsApp chilembo ndi chilembo. Motherboard, bolodi lalikulu lolumikizapo zida zonse, ndinasankha ya B450, yokhala ndi malo anayi a RAM ndi malo amodzi a M.2 olowetsapo chosungira mafayilo. Ma B450 anatuluka mapurosesa a Ryzen 5000, gulu la 5600G yangayo, asanabwere, ndiye ngati BIOS yake (pulogalamu ya pa motherboard imene imayatsa kompyuta) ndi yakale, purosesayo siyaka.

"Achimwene, musanalipire muwafunse ngati BIOS anaikonza kale kuti ilandire Ryzen 5000. Akakayika, aiyatse muli pomwepo."

"Iwe, ine ndingowaonetsa foniyi awerenge okha. Koma ndalama zonsezi ukuthera pa zidole?"

"Si zidole achimwene, ndi khasu langa limeneli."

Anaseka, koma anachita monga ndinawapempha, ndipo ananditumizira chithunzi cha bokosi chooneka chizindikiro choti imalandira Ryzen 5000.

RAM ndinagula ziwiri za 8GB m'malo mwa imodzi ya 16GB. Zikakhala ziwiri zimagwira ntchito mothandizana, njira ya deta imakula kawiri, ndipo kwa 5600G zimenezi n'zofunika kwambiri chifukwa graphics yake ilibe memory yakeyake, imabwereka ku RAM. Zinali za DDR4 3200, ndipo liwiro limenelo umachita kulitsegula wekha mu BIOS, apo ayi zimayenda mochedwerapo. SSD, yosungiramo mafayilo, ndinatenga ya 500GB. Ndi yochepa, koma yosungira zinthu ndi yosavuta kuwonjezera mtsogolo.

Pamene ndinakhalitsa ndi pa power supply. Mu Januwale 2022 namondwe Ana anawononga malo opangira magetsi a Kapichira pa mtsinje wa Shire, dziko n'kutaya mphamvu pafupifupi 130 MW, ndipo kwa nthawi yoposa chaka magetsi ankathima maola ambiri patsiku. Kuthimako pakokha sikuwononga zambiri. Choopsa ndi mmene amabwerera, nthawi zina mwamphamvu, nthawi zina mofooka mababu akuchita kuphethira. Zonsezo zimayamba kugunda power supply, ndipo ikakhala yachabechabe imafa n'kutenga motherboard ndi SSD kupita nazo. Tsiku lina pamsika ndinanyamula ina yolembedwa 650W, yopanda dzina lodziwika. Inali yopepuka ngati mulibe kanthu, mawaya ake owonda. Pachikalata cha pambali pake, mzere wa 12V, umene umadyetsa purosesa ndi graphics card, unkasonyeza mphamvu yochepa kwambiri poyerekeza ndi nambala yaikulu ya pamwambayo. Pamzere umenewo mpamene muyenera kuyang'ana: muchulukitse ma amp ndi 12, mupeza ma watt enieni. Ndinawapempha achimwene kuti andigulire yatsopano ya 550W, ya 80 Plus Bronze, ya kampani yodziwika ndiponso ya chitsimikizo cha zaka zingapo. Chizindikiro cha Bronze chimangonena za kusawononga magetsi, sichilonjeza kulimba, ndiye ndinawerenganso zimene oyesa zida analemba za mtundu umenewo. Inadya ndalama yoti ndikanagulira SSD yaikulu kawiri, ndipo sindinadandaule. Pakhoma ndinaikapo fridge guard, imene imadikira kaye mphindi zingapo magetsi akabwera isanawalole kudutsa.

Bokosi la kompyuta lokha ndinagula lakaunjika ku Limbe konko. Linali lokalikakalika, lopanda galasi kapena nyali zamitundumitundu, koma kutsogolo kwake kunali sefa yolowetsa mpweya. Ndi kutentha kwa mu Okutobala ndi fumbi la kwathu, sefayo ndi yofunika kuposa nyali.

Katundu anabwera pa basi, kudzera ku Beitbridge, Nyamapanda, Tete mpaka pachipata cha Mwanza, atakulungidwa m'bulangete limene alamu anatumizira amayi. Chingwe cha magetsi chinali ndi pulagi ya mano obulungira a ku Joni, yosalowa m'masoketi athu, ndiye ndinasintha ndi chingwe cha mano atatu afulati chimene chinali kungokhala kuntchito.

Ndinamanga pa tebulo lodyera, nditayala katoni. Purosesa ya AM4 ili ndi timano tagolide toposa 1,300 kunsi kwake, tosachedwa kupindika. Pakona imodzi pali kachizindikiro ka makona atatu koyenera kuyang'anizana ndi kanzake pa soketi. Ukalondola, imangotsetsereka yokha osaikankha, kenako umatsitsa kachitsulo kotsekera. Manja ankanjenjemera, chifukwa kanthu kakang'ono kameneko kanali malipiro anga a mwezi wathunthu ndi kupitirira. Fani yake inabwera m'bokosi momwemo, itapakidwa kale mafuta otuwa othandiza kuchotsa kutentha kunsi. Chimene chinandichedwetsa ndi timawaya ta batani loyatsira, tolembedwa timalemba tofuna tochi. Nditadina batani, mafani anazungulira, sikirini n'kukhala yakuda kwa kanthawi, kenako dzina la motherboard linatulukira. Mng'ono wanga amene ankandigwirira tochi anafuula mpaka aneba anabwera kudzafunsa.

Gemu ya GTA V inkayenda bwino ndikatsitsa zokongoletsa, eFootball chimodzimodzi, ndipo pulogalamu yojambulira ya CorelDRAW sinkachedwa ngakhale pang'ono. Ndinayamba kulandira maganyu kunyumba.

Ndalama yachiwiri ya chipereganyu inali ya graphics card. Koma mu Malichi 2023 namondwe Freddy anagwetsa matope ndi miyala kuchokera m'phiri la Soche, ndipo nyumba ya azakhali anga ku Chilobwe inapita. Iwo ndi ana anapulumuka ndi zovala za m'thupi zokha. Ndalama ija inapita kumeneko yonse, panalibe chokambirana. Miyezi yonse yotsatira makina anga ankayaka ndi kundipezera ya ndiwo, ina n'kumathandizira azakhaliwo lendi. Ndikanatenga purosesa yopanda G ija, bwenzi zida zili m'makatoni pansi pa bedi.

Khadi la graphics lija ndinadzagula mu Okutobala. Nthawiyo makhadi ogwiritsidwapo kale ntchito anali atatchipa, chifukwa mu Seputembala 2022 Ethereum, ndalama ya pa intaneti, inasiya njira yokumba (kupanga) ndalamayo ndi ma graphics card, okumbawo n'kuyamba kugulitsa zida zawo. RX 580 ya 8GB inali paliponse pamtengo wokopa. Koma ndi khadi la 2017, limadya 185W, ambiri anagwira ntchito usana ndi usiku kwa zaka, ndipo ena ndi a mtundu wa 2048SP umene mphamvu yake ndi yofanana ndi RX 570 ngakhale dzina ndi lalikulu. Ndinapirira n'kuwonjezera ndalama ya maganyu kuti ndipeze RX 6600, ya 2021, ya 8GB yomweyo, yothamanga kwambiri koma yodya 132W basi. Kutentha kochepa, mayunitsi a magetsi ochepa, ndipo 550W yanga inakwanira popanda kusintha kanthu. Wogulitsa anali mnyamata wina wa ku Johannesburg konko. Ndinapempha kuti aliyatse achimwene ali pomwepo, ine ndikuonera pa vidiyo, alithamangitse ndi FurMark, pulogalamu yoyesera makhadi, kwa kanthawi ndithu. Ndinkayang'ana nambala ya kutentha, mafani onse awiri ngati akuzungulira, ndi sikirini ngati ikutulutsa timadontho kapena mizere. Zonse zinali bwino, achimwene analipira.

Khadilo litangofika, mu Novembala 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti, dola imodzi kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Chomaliza pamndandanda wanga chinali sikirini ya 144Hz, yosintha chithunzi ka 144 pa sekondi, ndipo mtengo wake unathawa ndikuona. Ndinapitiriza ndi yakale ya 60Hz imene abwana anandigulitsa motchipa, ndipo ndi imene ndikulembera nkhaniyi. Abwana omwewo ndi amene anadzamva kuti makasitomala ena ayamba kundipeza kunyumba. Zimene tinakambirana mu ofesi mwawo ndidzakuuzani m'gawo 10.