Mbiri ya moyo wanga, gawo 9: Bawuti yomwe inadukira m'injini ya amalume

Zikomo nonse amene mwandivutitsa sabata yonseyi kuti ndipitirize. Mayi amene munalemba kuti nkhani ya maliro a bambo inakulizani, pepani, lero mupumako. Lero ndi nkhani ya chitsulo.

Mukukumbukira kuti nditasiya sukulu amalume ananditengera ku Senga Bay. Zaka zoyamba palibe chokamba: kukoka chilimira usiku, kuyanika usipa masana. Pofika 2017 ine ndi amene ndinkasamala injini ya boti la amalume, Yamaha Enduro ya 15 ija, chifukwa alovi (asodzi a pa boti) ena onse ankangodziwa kukoka chingwe basi.

Nthawi ya mwera injini inayamba kutentha. Madzi aja amatuluka kumbuyo posonyeza kuti pampu ikugwira ankangodontha. Ndinasintha impela, kachipangizo ka m'pampu kamene kamakankha madzi, osathandiza. Apo ndinadziwa kuti mchenga watseka njira za madzi, poti boti lathu tinkalikocheza pamchenga injini ikulira. Kunalibe kuchitira mwina koma kutsegula chivundikiro cha m'mbali. Mabawuti ena anamasuka ndi sipanala ya 10, ngakhale ankalira. Ya pansi penipeni inazungulira pang'ono, kenako inafewa m'manja. Amene munagwirapo sipanala mukukudziwa kufewa kumeneko. Mutu wa bawuti unagwera mumchenga, thupi lake latsala mkati, kansonga kokha kakusuzumira.

Ndinakhala pansi. Podukapo panali poyera theka, theka linalo lakuda, kusonyeza kuti inali itang'aluka kalekale. M'mbali mwake munali ufa woyera uja umapangika chitsulo chikakhalitsa mu aluminiyamu pamalo onyowa. Ufa umenewo umagwira mazinga moti mphamvu sizithandiza.

Mlamu wanga uja, mwamuna wa mwana wa amalume, sanafune kuona zimenezo. Anaima pakati pa doko, amayi ogula usipa akumva, n'kunena kuti, "Malume, mwana wamasiye uyu akumalizani. Wapha injini dala." Mawu oti wamasiye ndi amene anandilasa. Amalume sanayankhe. Anangotola mutu wa bawuti uja, kuuyang'ana, kuuika m'thumba la malaya, n'kumapita. Usiku umenewo maboti a anzathu anapita panyanja, nyali zili ngwee, lathu lili pamtunda. Alovi sanandilankhule. Nsima ndinadya ndekha kuseri kwa thandala.

Mlamu, ndikudziwa mumawerenga zimenezi, ana anu anandiuza. Injini imeneyo munaiyendetsa ndinu ine ndisanabwere. Munapakapo girizi pa bawuti ndi imodzi yomwe?

Ena mundifunsa chifukwa chomwe sindinangoboola. Pa dokopo aliyense ankati boola, koma aluminiyamu ndi wofewa kuposa bawuti. Dzanja likangopendeka, chobowolera chimasiya chitsulo n'kudya injini, ndipo zikatero mazinga atha. Mlamu anabwera ndi kachitsulo kozulira mabawuti koti wabwereka. Ndinakana. Kachitsulo kameneko n'kolimba koma sikachedwa kuthyoka, ndipo kakathyokera mkati palibe chobowolera wamba chomwe chingakadye.

Ndinathira mafuta a mabuleki pakansonga paja, m'mawa ndi madzulo, kenako tinakweza injini pa matola mpaka ku Kamuzu Road ku Salima, kwa mdala wina wowotcherera. Chaka chimenecho magetsi ankazima tsiku lonse, ndiye tinakhala pa benchi mpaka dzuwa kupendeka.

Atayaka, mdalayo anapukuta kansonga ndi bulashi ya waya. Anaveka washala, kuwotcherera pakati, kenako anaika nati pamwamba n'kudzaza mkati mwake ndi chitsulo chosungunuka. Ndinachita mantha kuti injini isungunuka. "Khala pansi mwana wanga," anatero. "Ndodo iyi sigwira aluminiyamu. Moto ndi umene ukutigwirira ntchito." Anadikira kuti pazizire. Nati yoyamba inathothoka. Sanadandaule, anawotcherera ina. Ulendo uno sanamasule molunjika: ankapotoza pang'ono kumasula, pang'ono kumanga, akuthira oyilo. Tinamva kuti kwii. Bawuti inatuluka yonse, yoyera ndi ufa, mazinga a injini ali bwinobwino.

"Watsegula ndiwe?" anandifunsa.

"Eya, madala."

"Ndiwe woyamba kuitsegula chigulireni. Ukawauze eni ake."

Sindinawauze. Ndinangopereka chidutswacho kwa amalume, iwo anatulutsa mutu uja m'thumba n'kulumikiza. Anayang'ana mlamu nthawi yaitali, osanena kanthu. Kupepesa sindinakumve, mpaka amalume anamwalira. Ndinakolopola mchenga, kudula gasiketi yatsopano yotsekera kuti chivundikiro chisadonthe, kupaka girizi bawuti iliyonse, ndipo madzi anayambanso kutuluka mwamphamvu.

Koma ndalama ya matola ndi ya mdala uja anandidula pa gawo langa la usipa, ndipo amene anawerengera ndi mlamu yemweyo. Mmene ndinachokera pa boti la amalume n'kukayamba kuphunzira kwa mdala wa ku Kamuzu Road, ndikuuzani gawo likubwerali.