Betta ikamangokwera ndi kutsika pagalasi, yezani madzi musanagule mankhwala

Betta yanu, kansomba koweta m'thanki yagalasi, ikayamba kumangothamanga m'mbali mwa galasi, kukwera, kutsika, kukwera, kutsika, osapuma mpaka dzuwa kulowa, musathamangire kukagula botolo la mankhwala. Yezani madzi kaye. Ndikulemba izi mkwiyo usanandithere, chifukwa ine ndinataya ndalama ndi Loweruka lathunthu pomvera anthu amene cholinga chawo chinali kungogulitsa basi.

Ndimakhala kuno ku Joni, ndipo nsombayi ndinagulira mwana wanga wamkazi atakhoza mayeso. Ndi yamphongo, yofiira psuu, ya zipsepse zazitali. Kusitolo ina ya ziweto anatipatsira pamodzi ndi kamtsuko kagalasi kozungulira, kosakwana ndi malita 2 omwe. Ndinafunsa bwinobwino ngati sipakufunika hita yotenthetsera madzi kapena fyuluta yosefera madzi. Mnyamata wogulitsayo anati ayi, nsomba imeneyi kwawo imakhala m'tizithaphwi, ndiye malo ang'ono ndi amene imakonda. Bodza lamkunkhuniza. Kwawo kwa betta ndi ku Thailand ndi maiko oyandikana nawo, m'madambo ndi m'minda ya mpunga ya m'zigwa za mitsinje ya Chao Phraya ndi Mekong. Madzi ake ndi osaya, inde, koma ndi otambalala, ofunda chaka chonse, odzaza zomera. Amene munaonapo minda ya mpunga ya ku Karonga nthawi ya dzinja mukudziwa kukula kwa malo amene ndikunenawa. Chimene chimapusitsa anthu n'chakuti betta ili ndi kachiwalo kotchedwa labyrinth, pamwamba pa makha, kamene kamaithandiza kumeza mpweya ikatulutsa kamwa pamwamba pa madzi. Choncho m'madzi oipa siifa msanga. Imangozunzika, ogulitsa n'kumati ili bwino.

Sipanapite nthawi, kuthamanga kuja kunayamba. M'mawa imakhala pansi phee, zipsepse zitafumbatana. Dzuwa likafika pawindo, imayamba kukwera ndi kutsika, mphuno ikukhudza galasi, nthawi zina n'kudzidzimuka ngati yalumidwa. Mwana anayamba kulira kuti nsomba yake ikufa.

Loweruka limenelo ndi limene likundipwetekabe mtima. Tsiku lokhalo lopuma pa sabata, ndinadzuka m'mamawa kukuzizira, kukwera takisi, kutsika m'tauni, kuima pamzere, kukweranso ina, madzi a mumtsukomo ndili nawo m'kabotolo chifukwa ndinamva kuti masitolo ambiri amayeza madzi a makasitomala awo. Nditafika anandiuza kuti woyeza madzi watuluka, ndidikire. Ndinadikira mpaka njala kundipota. Kenako akuti sabweranso, ndibwere Lolemba, ngati kuti Lolembalo ine ntchito ndilibe. M'malo mwake wogulitsa wina anangoyang'ana kanema wa pafoni yanga mosalabadira, n'kunena kuti ndi nkhawa chabe, n'kunditengera botolo la mankhwala othira m'madzi. Sanandifunse kukula kwa mtsuko. Sanandifunse kutentha kwa madzi. Sanandifunse kuti ndinasintha liti madzi. Atamva kuti kwathu ndi ku Malawi, anandikokera ku thanki ya mbuna, akuti nsomba yanga yasungulumwa, ndiigulire inzake yakwathu. Apa ndiye ndinapsa mtima kwenikweni. Mbuna ndi nsomba za m'miyala ya m'nyanja ya Malawi, zimafuna madzi a pH (muyezo wa asidi m'madzi) ya cha m'ma 8 ndi thanki yaikulu, ndipo ndi zandewu. Betta imakonda madzi a pH ya pakati pa 6.5 ndi 7.5, imasambira pang'onopang'ono, zipsepse zake zikanathera m'kamwa mwa mbunazo. Ndipo betta yamphongo sisungulumwa. Ku Thailand anthu akhala akuiweta kwa zaka mazanamazana kuti izimenyana ndi inzake. Ikakhala yokha ndiye mtendere wake.

Mbuna ndinakana. Botolo ndinagula, poti mwana ankandidikira kunyumba ndi maso ofiira. Ndinathira monga analembera. Palibe chinasintha.

Amene anandithandiza ndi achimwene ena akwathu ku Salima, timapemphera mpingo umodzi, ntchito yawo ndi yosamalira matanki a nsomba m'maofesi ndi m'nyumba za anthu. Anabwera ndi kabokosi ka timabotolo toyezera. Atangoona kamtsuko kaja pawindo anapukusa mutu.

"Achimwene, nsombayi si yamisala ayi. Madziwa akuiwotcha."

Anatunga mamililita 5 m'kachubu kagalasi, n'kudonthezera mankhwala a m'timabotolo tiwiri, n'kukhutchumula, n'kuti tidikire mphindi 5. Madzi opanda amoniya amakhala achikasu. Athu anayamba kusintha tikuona, chikasu chija n'kusanduka chobiriwira, n'kumaderabe. Anayerekeza ndi kakhadi ka mitundu, n'kundipatsa kuti ndione ndekha. Amoniya amachokera m'makha mwa nsomba yomweyo, m'ndowe zake ndi m'zakudya zotsala zikamaola. M'thanki yokhazikika muli mabakiteriya amene amasandutsa amoniya kukhala nitrite, ena n'kusandutsa nitrite kukhala nitrate, amene ululu wake ndi wochepa. Mumtsuko wopanda fyuluta mabakiteriyawo alibe pokhala pokwanira, ndiye amoniya amangounjikana n'kumapweteka makha. Nsomba ikufuna kuthawa madziwo, koma kothawira kulibe, n'chifukwa chake imangotsata galasi. Manambala oti musunge pamtima ndi awa: amoniya 0, nitrite 0, nitrate osapitirira 20 ppm (muyezo wolembedwa pa kakhadi ka mitundu). Gulani zoyezera zanuzanu zamadontho, musadalire sitolo. Ndalama ya takisi ndi botolo lija ikanandifikitsa patali pa mtengo wa zoyezerazo.

Kenako anaviika choyezera kutentha. Betta imafuna madzi a madigiri 24 mpaka 28, ndipo asamasinthesinthe. Johannesburg ili pamtunda wa mamita oposa 1,700, mu June ndi July usiku kumazizira mpaka chisanu kugwa pa udzu, ndipo nyumba zathu zambiri zilibe zotenthetsera. Timadzi tochepa timazizira msanga, timatenthanso msanga. Usiku nsomba imauma ndi kuzizira, masana dzuwa la pawindo n'kuiphika. Ndiye kunali kugona pansi m'mawa ndi kuthamanga masana kuja. Anzanga a ku Dedza, ku Mzuzu, ngakhale ku Blantyre nthawi ya chiperoni, musanamizidwe kuti poti kwathu n'kotentha hita ndi yosafunika.

Tinagula thanki ya malita 20, yaitali cham'mbali osati yam'mwamba, hita ya mawati 25 yozimitsa yokha ikafika pa mlingo, ndi fyuluta. Hita tinaiika pa 26. Thanki ikhale kutali ndi windo. Madzi a pampopi musathire osaika mankhwala ochotsa klorini, ndipo amenewa ndi mankhwala okhawo amene ndingakuuzeni kuti mugule tsiku loyamba. Ena amati ingogonekani madzi mundowa usiku umodzi. Klorini wamba amatulukadi, koma m'mizinda ina amathira chloramine, amene satuluka ndi kugoneka. Posamutsa nsomba tinaiika m'kathumba ndi madzi ake akale, kathumbako n'kukayandamitsa m'thanki mphindi 20 kuti kutentha kufanane, n'kumaonjezera madzi atsopano pang'onopang'ono, kenako n'kuitulutsa osathira madzi akalewo m'thanki.

Thanki yatsopano imatenga masabata 4 mpaka 6 kuti mabakiteriya akhazikike. Achimwenewo anandipatsa chidutswa cha siponji ya m'fyuluta yakale kuti zifulumire, ndipo mukapeza wokupatsani musakane. Nthawi yonseyo ndimayeza madzi madzulo alionse ndikaweruka. Amoniya kapena nitrite akangooneka, ndimachotsa gawo limodzi mwa magawo atatu a madzi, nthawi zina theka, n'kuthira ena ofunda mofanana. Zimatopetsa, koma zimatha. Tsopano ndimangosintha gawo limodzi mwa magawo anayi pa sabata. Siponji ya fyuluta musatsukire pampopi, mungaphe mabakiteriya ambiri n'kuyambiranso. Ifinyeni m'madzi amene mwachotsa m'thanki.

Ndisanaiwale, chivindikiro. Betta imadumpha, makamaka ikakhala yosakhazikika chonchi. Vindikirani, koma musiye mpata wa mpweya pakati pa madzi ndi chivindikirocho, poti imapumira pamwamba.

Madzi atakhala bwino kuthamanga kwa masana kunatha, koma madzulo kumayambiranso, pakona imodzi yokhayokha. Apa ndinakhala pansi n'kuionetsetsa. Imafika pagalasi, n'kutambasula zivindikiro za makha mbali zonse ziwiri, kachikopa kakuda ka pansi pa khosi n'kutuluka, zipsepse zonse n'kuima njii, thupi n'kupendekeka cham'mbali. Kenako kutsika, kukwera, n'kubwereranso pomwepo. Imeneyi sinali nkhani ya madzi. Imadziona yokha. Nyale ya m'thanki ikayaka m'chipinda muli mdima, galasi cham'kati limaonetsa chithunzi chake, ndipo iyo imaona yamphongo inzake yalowa m'dera lake, yosathawa, yosatopa. Inu muli kunja simuona kanthu. Ndinayamba kuyatsa getsi la m'chipinda nthawi yonse imene nyale ya thanki ikuyaka, nyaleyo n'kuichepetsa mphamvu, ndipo kumbuyo ndi mbali imodzi ndinamata pepala losanyezimira cha kunja. Lonyezimira limaonjezera vuto. Pakona paja ndinaikapo zomera. Nyale isapitirire maola 8 patsiku, usiku kukhale mdima weniweni, chifukwa nsomba ilibe zikope zoti itsinzine.

Fyuluta imene ndinagula poyamba inalinso ndi mbali yake. Imalavula madzi mwamphamvu, betta ikadutsa pansi pake imakankhidwa mpaka kukona, zipsepse zikuikoka. Nsomba ya zipsepse zazitali chonchi siitha kulimbana ndi mkokomo tsiku lonse. Ndinamanga kachidutswa ka siponji potulukira madzi, kenako ndinasinthiratu n'kuika fyuluta ya siponji yoyendera mpweya, yokhala ndi kotsekera kochepetsera thovu. Mukaponya kachakudya pamwamba n'kuona kakuthamangitsidwa ndi madzi, mphamvu yachuluka.

Zomera zinathandiza kuposa mmene ndimaganizira. Anubias ndi Java fern sizivuta, sizifuna kuwala kwambiri, mumangozimangirira pamwala kapena pamtengo ndi ulusi, tsinde lake lopingasa osalikwirira mumchenga chifukwa limaola. Betta imakonda tsamba lalikulu pafupi ndi pamwamba loti izigonapo. Zapulasitiki zolimba zimang'amba zipsepse. Ndinaponyamonso tsamba louma la mtengo wa Indian almond, limene limadetsa madzi pang'ono kukhala ofiirira, ndipo yanga inaoneka kuti yadekha nalo. Koma limeneli ndi loonjezera chabe. Amoniya ali m'madzi, tsamba silingakupulumutseni.

Ndikakumbukira botolo lija ndimapsanso mtima. Sindikuti mankhwala alibe ntchito. Mukaona timadontho toyera pathupi ndi pazipsepse, kapena kafumbi kagolide kooneka mukaiwunikira ndi tochi, nsomba n'kumadzikhula pamiyala, amenewo ndi tizilombo ndipo mankhwala ake enieni alipo. Zipsepse zikamadyeka m'mphepete n'kumada, nazonso zimafuna chisamaliro. Koma ngakhale pamenepo, yezani madzi kaye, chifukwa matenda ambiriwa amalowera pa madzi oipa ndi kuzizira. Kuthira mankhwala mwachimbulimbuli m'timadzi tochepa ndi kungoonjezera katundu pa nsomba yofooka kale, ndipo wogulitsa aliyense woona mtima amadziwa zimenezi.

Kuyendayenda kwina si vuto, musavutike nako. Masiku oyamba m'thanki yatsopano imazungulira paliponse, ikuphunzira malo. Ikakuonani mukubwera imavinavina kutsogolo kwa galasi, ikupempha chakudya. Musagonje. Timibulu 2 kapena 3 m'mawa ndi madzulo n'tokwanira, totsala muchotse. Mukapeza thovu launjikana pakona pamwamba pa madzi, chimenecho ndi chisa chimene yamphongo imamanga, si dothi ndipo si matenda. Mwana wanga anafuna kulichotsa ndi supuni, ndinamuletsa. Ndinamuletsanso kugogoda galasi ndi kuika kalilole kuti anzake aone ikufufuma.

Magetsi akazima nthawi yozizira, phimbani thanki ndi bulangeti, mpata wa mpweya n'kusiya. Akachedwa kuyaka, thirani madzi ofunda m'botolo lapulasitiki, tsekani bwino, liyandamitseni m'thankimo. Madzi otentha musathire mwachindunji. Tsiku limenelo chakudya muchepetse kapena osapatsa n'komwe, chifukwa fyuluta ikaima mabakiteriya amafooka, ndipo magetsi akabwera muyezenso amoniya ndi nitrite kwa masiku angapo otsatira.