Lachitatu ku Zomba: nkhani ya mfuti zolanda

Amalume anali ndi tsiku lokaonana ndi adokotala, ndiye ndinawaperekeza. Titatuluka, dzuwa lili paliwombo, anakana kukwera minibasi, akuti tiyambe tadzera pa chipilala cha asilikali a KAR (King's African Rifles, gulu la asilikali akuda la Angerezi), chanjerwa chija chili pafupi ndi Cobbe Barracks. Munthu woti anagwirapo usilikali sumulimbalimba naye, ndinangotsatira.

Tili pamthunzi ndi chimanga chootcha, ndinafunsa kuti, "Amalume, mfuti za Ajeremani zinali zoopsa bwanji kuti avutitse anthu zaka zinayi zathunthu pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse?" Anaseka mpaka kutsamwa. "Zawo ziti, mphwanga? Pomwe nkhondo imatha anali kuwombera Mngerezi ndi mfuti ya Mngerezi yemweyo."

Nkhani yake ndi iyi. Mu 1914, asilikali akuda ambiri a Paul von Lettow-Vorbeck, mkulu wa asilikali a Ajeremani m'dziko lomwe lero ndi Tanzania, ankanyamula mfuti ya Mauser yakale ya 1871, ya wonga wakuda. Kuwomba kamodzi utsi tolo, mdani wadziwa kale chitsamba chomwe wabisalamo. Panyanja Angerezi anali atatseka, moti zombo ziwiri zokha zonyamula zida ndi zomwe zinazemba n'kufika, china mu 1915, china mu 1916. Zotsalazo ankakatenga kwa mdani. Ku doko la Tanga, mu November 1914, Angerezi ndi asilikali awo ochokera ku India anathawira m'zombo n'kusiya pagombe mfuti zokwanira makampani atatu a asilikali, mfuti za chiwaya, ndi zipolopolo zoposa theka la miliyoni.

Apa amalume anapisa m'thumba n'kutulutsa makiyi a kunyumba. Pamakiyipo pamalendewera khoko la chipolopolo cha .303, lachita kuda ndi thukuta. Anandigwiritsa kumunsi kwake. "Ukumva kamlomo kotulukira kunjaka? Cha Mauser yatsopano ya Mjeremani chilibe. Ichi sichingalowe mu Mauser, ngakhale uchikhome ndi mwala." Lee-Enfield ya Mngerezi imafuna .303, ya Mpwitikizi 6.5 mm, Mauser yatsopano 7.92 mm, yakale ija 11 mm. Mfuti ili ngati mwana wosankha ndiwo, akutero amalume, imadya zakwawo basi.

Ine pamenepa m'pomwe nkhani inandigwira mtima. Kulanda mfuti si kuthana ndi vuto ayi, ndi kudzimangirira kwa mwini wake. Zipolopolo zikatha, ubwererenso komweko ukalande zina, apo ayi uitaye. Pa 25 November 1917 Ajeremani anawoloka mtsinje wa Ruvuma kulowa mu Mozambique zipolopolo zili pang'ono kutha. Anagwera msasa wa Apwitikizi pa Ngomano, napeza mfuti mazanamazana, za chiwaya zisanu ndi imodzi, ndi zipolopolo pafupifupi 250,000. Ambiri anataya mfuti zawo zakale pomwepo. Kuyambira apo, ulendo wawo unkatsata kumene kuli nkhokwe ya mdani. Mu July 1918 anafika mpaka ku Namacurra, kufupi ndi Quelimane, kukachitanso zomwezo, kenako n'kutembenukira kumpoto.

Olemba za nkhondo amakonda kutama nzeru zimenezi, ndipo nzeruzo zinalipodi. Koma bokosi la zipolopolo lilibe miyendo. Linkayenda pamutu pa munthu wogwidwa m'mudzi, ndipo gulu lodya za mdani silisiyanitsa nkhokwe ya boma ndi nkhokwe ya mayi wamasiye. Mbali ya Angerezi nayo sinali yoyera: kuno kwathu amuna pafupifupi 200,000 anatengedwa kukakhala atengatenga, kuthamangitsa gulu lomwe silinkaima malo amodzi. Ndinawauza zimenezi amalume. Anangogwedeza mutu n'kuloza mayina a pachipilala ndi chitsononkho. "Awa analembedwa chifukwa anagwira mfuti. Osenza katundu ukawafune kwina."

Mnyamata wina wa ku yunivesite yemwe amatimvetsera chapatali analowerera, akuti pa nkhondo yachiwiri Ajeremani anachitanso zomwezo koma mwadongosolo la muofesi. Ananena zoona. Mfuti iliyonse yolanda ankaipatsa nambala ndi chilembo cha dziko lomwe yachokera, r ya Russia, f ya France. Mfuti ya PPSh-41 ya Asovieti, yomwe asilikali a Ajeremani ankailimbirana, inasanduka MP 717, ndipo zina anazisintha kuti zizilandira zipolopolo zawo za 9 mm. Amalume sanatengeke nazo. "Amenewo anali ndi mafakitale kumbuyo kwawo. Wa ku Ruvuma uja akanasinthira pati, pansi pa mtengo?"

Lettow-Vorbeck anamva kuti nkhondo yatha ali kufupi ndi mtsinje wa Chambeshi, atalanda kale tauni ya Kasama, m'dziko lomwe lero ndi Zambia. Pa 25 November 1918 anakatula zida ku Abercorn, komwe lero ndi Mbala, ali ndi Ajeremani 155 ndi asilikali akuda 1,168. Mfuti zomwe anapereka zinaposa 1,000, ndipo zinali za Angerezi ndi Apwitikizi. Anthu a ku Mbala amati zambiri zinaponyedwa m'nyanja yaing'ono ya Chila.

Amalume tsopano akuti chaka chamawa tipite tikaione nyanjayo, tidzere ku Chitipa ndi Nakonde, ndipo thiransipoti ndilipire ine.