Mphindi zosakwana ziwiri m'mwamba: kuchoka ku Westray kupita ku Papa Westray

Kumpoto kwa Scotland kuli zilumba za Orkney, ndipo pakati pa ziwiri mwa zilumbazi, Westray ndi Papa Westray, ndi pamene pali ulendo wa pandege waufupi kuposa wina uliwonse padziko lapansi mwa maulendo okhazikika onyamula anthu. Mtunda wake ndi makilomita 2.7 basi. M'mwamba mumakhalamo mphindi imodzi ndi theka, ndipo mphepo ikamakukankhani kumbuyo ngakhale imodziyo siikwana. Woyendetsa ndege Stuart Linklater, amene anapuma pantchito mu 2013, anadutsapo m'masekondi 53.

Ine ndinakwerera ku Kirkwall, tawuni yaikulu ya Orkney, poti ndegeyi imayambira kumeneko n'kumatera pazilumbazi motsatizana. Ndi ya kampani ya Loganair, yomwe yakhala ikuyenda njirayi kuyambira mu 1967. Kandege kake ndi ka mtundu wa Britten-Norman Islander, konyamula anthu 8. Mulibe kanjira kapakati. Mumalowera pazitseko zam'mbali n'kukhala awiriawiri, phewa ndi phewa, ndipo woyendetsa amangotembenuka pampando wake n'kukuuzani yekha za malamba.

Titatera ku Westray anatsitsa makatoni angapo, ndipo mayi wina wachikulire anakwera ali ndi chikwama chake pamiyendo. Injini zinabangula, tinathamanga pang'ono, ndipo matayala atangosiya nthaka bwalo la Papa Westray linali likuoneka kale kutsogolo. Sitinakwere m'mwamba kwenikweni. Pansi panali madzi obiriwira, oyera moti mchenga unkaoneka, kenako mipanda ya miyala, nkhosa, basi tatera. Mayi aja sanayang'ane n'komwe pawindo.

Apa ndi pamene ndikufuna mundimvetse. Ife alendo timapitako ndi mafoni m'manja kuti tikajambule chodabwitsa, koma kwa anthu pafupifupi 90 okhala pa Papay (ndi mmene eni ake amachitchulira chilumbachi) ndegeyi si yokasangalala nayo. Ndi imene imabweretsa aphunzitsi oyendayenda ndi achipatala, ndiponso imene imafikitsa wodwala ku Kirkwall msanga. Boti la pakati pa zilumba ziwirizi limatenga mphindi pafupifupi 25, koma nyanja ya kumeneko ikakwiya m'nyengo yozizira kamtunda kakang'onoko kamasanduka katali. Amene anadikirirapo Ilala ku Likoma ali ndi wodwala pamsana akudziwa zimene ndikunena. N'chifukwa chake khonsolo ya Orkney imathirapo ndalama kuti ndegeyi isasiye kuyenda, ndipo kwa ine ndalama zimenezi zimagwira ntchito yoyenera.

Bwalo lenilenilo ndi kamsewu ka m'munda ndi kanyumba kamodzi, ndipo olandira ndegeyo ndi anthu a pachilumba pompo amene ikanyamuka amabwerera kuntchito zawo. Kuchoka pamenepo ndinayenda wapansi kupita ku Knap of Howar, nyumba ziwiri zamiyala za m'mphepete mwa nyanja zomwe zinamangidwa zaka zoposa 5,000 zapitazo. Makoma ake akadali chilili, ndipo munthu umalowa chowerama pakhomo lomwe ankalowera eni akewo.

Ngati mukufuna kupitako, gulani tikiti nthawi ikadalipo, makamaka m'miyezi ya June mpaka August, chifukwa mipando ndi yochepa. Konzaninso zogonako usiku umodzi: mtengo wa tikiti umatsika kwa amene akugona pachilumbachi, ndipo ndalama zanu zimatsala m'manja mwa eni dera.