Kansomba ka mu galasi ndi mcheni wa mu Zambezi ndi pachibale

Abale anga, dzulo ndinalowa mu shopu ina kuno mu mzinda wa Tete kuthawa dzuwa, ndipo ndinapeza timansomba tikusambira mu galasi. Tochepa ngati matemba, kutalika kosapitirira masentimita 4, mzera wabuluu wonyezimira m'mbali, chakumchira kofiira psuu. Mwini shopu anati dzina lake ndi neon tetra.

Kwawo kwa kansombaka ndi ku South America, m'timitsinje ta Amazon. Akatswiri amakatcha Paracheirodon innesi, ndipo George Myers ndiye anakalemba koyamba mu 1936. Kali ndi mbale wake, cardinal tetra wa ku Rio Negro. Kusiyana kwawo n'kofiira kuja: kwa cardinal kumayenda thupi lonse, kwa neon kumayambira pakati basi.

Koma chandidabwitsa ndi ichi. Timansombati tili m'gulu limodzi, la Characiformes, ndi mcheni wathu wamano osongoka uja (tigerfish pa Chingerezi) amene asodzi a ku nyanja ya Cahora Bassa amamuopa akamamuchotsa mu ukonde! Mukagwira mcheni, yang'anani kumsana pafupi ndi mchira, mupeza kachipsepse kakang'ono kamnofu kopanda minga. Neon nako kali nako. Chibalechi sichachilendo, chifukwa kalekale Africa ndi South America linali dziko limodzi, kenako linagawikana.

Ine ndimayesa mbale wa neon ndi kapenta, kuona kuchepako. Ayi ndithu, kapenta ndi wa banja la sadini.

Amalume ku Songo ndikawauza izi akana, ndikuwadziwa.