Lachinayi: Kuchokera ku Ghorepani Kukagona ku Tadapani

Ndikulemba nditafunda magombeza awiri, masokosi anga onyowa ali kuchipinda chodyera, pa chingwe cha pamwamba pa mbaula, pamodzi ndi a anthu ena khumi.

Anatidzutsa 4:30 m'bandakucha, kunja kuli bii. Tinayamba kukwera Poon Hill, chitunda choonerapo mapiri a Himalaya pamwamba pa mudzi wa Ghorepani kuno ku Nepal, ndi matochi a pachipumi, anthu ali ndondondo ngati linthumbu, masitepe amiyala osatha, mpweya ukuperewera. Pamwamba tinapeza chikwangwani chonena kuti tili pa mamita 3,210. Ndinaseka ndekha. Chaka chatha ndinakwera Sapitwa, mamita 3,002, ndipo kunyumba anatopa nane mwezi wathunthu. Kuno malo oposa Sapitwa amangowatcha kachitunda.

Kutayamba kuyera ndinaona chifukwa chake. Nsonga ya Dhaulagiri, mamita 8,167, inafiira psuu ife tikadali mumdima. Kenako Annapurna South, kenako Machhapuchhre, phiri lomwe dzina lake limatanthauza mchira wa nsomba, ndipo saloleza munthu kulikwera poti ndi lopatulika. Zithunzi ndinajambula zochepa, zala zinali zitauma gwa. Tiyi wamkaka amene amagulitsa pamwambapo ndi wodula, koma ndinagula makapu awiri.

Titatsikira ku Ghorepani kukadya kadzutsa, wotiperekeza wathu, yemwe ndimamuitana kuti "dai", ndiye kuti achimwene, anandiuza kuti dzina la mudziwu ndi "madzi a akavalo". Kale amalonda oyenda ndi mchere wochokera ku Tibet ankamwetsa ziweto zawo pamenepo. Tadapani, komwe tinkapita, ndi "madzi a kutali". Ndinamufunsa ngati kutaliko n'kwa madzi kapena kwa ife. Anangoti "bistari, bistari", pang'onopang'ono.

Nkhalango ya lero ndiyo sindidzaiwala. Ine rhododendron ndinkaidziwa ngati kaduwa ka m'munda wa anthu olemera. Kuno ndi mitengo yeniyeni, yaitali kuposa nyumba, yopindikapindika, makungwa ake atakutidwa ndi ndere. Eni ake amati lali gurans, ndipo ndi duwa la fuko la Nepal. Mwezi uno wa Marichi ndiye nyengo yake, moti njira yonse inali yofiira ndi maluwa akugwa, ngati kwadutsa ukwati. Chifunga chinkabwera n'kutiphimba, patapita mphindi zisanu n'kuchoka.

Titapitirira Deurali njira inatsetsereka m'chigwa motsata kamtsinje. M'mithunzi munali mukadali madzi oundana, ndipo ndinaterereka n'kukhala pansi khu! Dai anandidzutsa osaseka, ulemu wake. Ndili mkati mosasa matope, nthambi zinagwedezeka pamwamba pathu. Apusi akuno, otchedwa langur: ubweya wotuwa, nkhope yakuda bii yozunguliridwa ndi ubweya woyera ngati ndevu za agogo, mchira wautali kuposa thupi. Analipo mwina khumi ndi awiri. Mmodzi, mwana atamatirira pamimba, ankathyola maluwa ofiira aja n'kumadya, akutiyang'ana ngati ife ndiye tasochera. Mwachizolowezi ndinagwiritsa chikwama changa, pokumbukira anyani a kwathu osaona chimanga, koma awa analibe nafe ntchito. Dai anati m'minda ya kumunsi amavuta chimodzimodzi. Danphe, mbalame ya fuko la Nepal ya nthenga zonyezimira, ndinaisaka ndi maso tsiku lonse, osaiona.

Ku Banthanti tinadya supu wa adyo. Chitunda chomaliza chokwerera ku Tadapani chinandimaliza maondo. Ndikupuma pamwala, anandidutsa bambo wachikulire atasenza dengu lodzaza katundu wa kugolosale, lamba wake atakoleka pachipumi, kumapazi patapata basi. Anandipatsa moni wakuno wa "namaste" ali phee, osapuma n'komwe mwabefu. Ndinayang'ana nsapato zanga zodula zija n'kuchita manyazi.

Madzulo "didi", mayi wa nyumba ya alendoyi, anatipatsa dal bhat: mpunga, msuzi wa mphodza, ndiwo zamasamba ndi mbatata. Ubwino wake, amawonjezera mpaka utakana wekha. Ndinawonjezera kawiri, komabe mimba ikufunsa nsima.

Mawa titsikira ku Ghandruk, mudzi wa anthu a mtundu wa Gurung. Dai akuti ndi kutsika kokhakokha. Dzulo ananenanso chomwecho.